Kapolo wa mu Mtumbira wa ku Skarvik

Zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, Gunvor analonjeza bambo ake, a Eilif, atatsala madzi amodzi, kuti fosholo sidzalowa mu mtumbira wa kumalire a munda wa ku Skarvik. Iye ankangoti nkhalamba ikuopa mizimu. A Eilif anakalambira pafamupo ngati wantchito, akudyera nsomba zamchere pakhomo la kukhitchini, eni ake akutafuna nyama ya nkhosa m'kati.

Gunvor anabwerako ku Amereka imvi zili mbuu, ali katswiri wa zofukula manda akale. Mudzi anaupeza utagulitsidwa kwa alendo. Sukulu yawo inali malo omwera khofi, ndipo padoko panalibe bwato ngakhale limodzi lonunkha nsomba. Katapila wolambula msewu watsopano anali atang'amba mbali ya mtumbira uja, mafupa n'kuonekera. Boma linasiya nkhani m'manja mwake: akasaina, akumba wonse, akakana, akwirira, msewu ukhota. Iye anabwera kudzakana.

Pamphepete pa dzenje anapeza Torkel, mwini famu, mnzake wa kusukulu. Famuyo anailandira ali wachinyamata, chaka chimene bwato la bambo ake, a Asbjorn, amene ankatsimphina chifukwa thirakitala inawathyola mwendo, linapezeka likuyandama lopanda munthu, anthu n'kuti amira.

"Mwana wa Eilif, wabwera kudzationa ife mafumu?" anatero Torkel. "Tasuzumira. Wa lupangayo ndi agogo anga. Wamaliseche ali kumapaziyo ndi agogo ako."

"Mimba yakula, nzeru ndi zomwe zija za kusukulu," anayankha Gunvor, akutsikira m'dzenjemo.

Komabe Torkel sanalakwitse kwenikweni. Woyambayo anagonekedwa bwino, lupanga pambali, mikanda pachifuwa, mafupa a hatchi kumutu. Wachiwiriyo anaponyedwa chafufumimba, pamwambamwamba, wopanda ngakhale kampeni, chigaza chitaphwanyidwa kunkhongo. Gunvor analemba mabuku awiri onena za anthu otere: kapolo wophedwa kuti aperekeze mbuye wake. Manda sanama, ankauza ophunzira ake, wosauka amasauka mpaka m'dothi.

Mtima unamuwawa. Mwina n'zimene bambo ake ankadziwa, kuti m'menemo mwagona mnzawo, ndipo sanafune kuti akamuike m'galasi anthu azimuloza.

"Lupanga ndikalipachika pabalaza," anatero Torkel. "Wakwanuyo umutengere ku Amereka, akakuphikire."

"Ndikwiriritsa zonse mawa. Sudzapachika kanthu."

Anagwada kuti atsanzike kapoloyo, n'kuyamba kusesa dothi pamwendo wake ndi kaburashi. Burashi inakodwa. Anapukuta ndi chala. Kenako anayang'anitsitsa, mphepo ya kunyanja ikumuwomba pamsana. Dothi lodzaza dzanja limodzi likanakwana kubisa chimene anaonacho, ndipo palibe akanadziwa. Dzina la a Eilif likanakhalabe loyera pamwala wa kutchalitchi.

"Bwanji, wakupatsa moni?" anafunsa Torkel, akuseka.

Pafupa lothyoka kalekale la mwendowo panali chitsulo cha kuchipatala, chomangidwa ndi misomali inayi. Si mizimu imene a Eilif ankaopa: ankabisa munthu amene anamupha.

"Vula chipewa, Torkel. Bambo ako sanamire."

Anatulutsa pepala la boma, nalisainira pabondo. Lolemba m'mawa mafosholo analowa mu mtumbira.