Aphunzitsi a Masamu

"Mwana wanga sabwereranso kuno," anatero mayiyo, akumukoka mtsikana wake kutuluka m'kalasi ya sukulu ya boma. Ana ankagendana ndi choko. Mphunzitsi wa masamu, yemwe anawo anamutcha Ndikubwera, anali asanafike monga mwa masiku onse.

Kunyumba, mwamuna wake anayang'anitsitsa pakona pomwe pankakhala makina osokera a mkaziyo.

"Mwagulitsadi kuti mulipire fizi ya kusukulu ya pulaiveti, make mwana? Akakalepheranso kumeneko, tidzadya yunifolomu?"

"Kupulaiveti aphunzitsi amapezeka, abambo. Mudzaona."

Lolemba mayiyo anamuperekeza yekha mwanayo kusukulu yatsopanoyo. Kumeneko mawindo anali ndi magalasi, mwana aliyense ndi desiki yakeyake.

"Musade nkhawa, mayi," anatero ahedi akumwetulira. "Aphunzitsi athu a masamu sanajombepo ngakhale m'mawa umodzi. Si awo akubwera apowo."

Mtsikana uja anafinya dzanja la mayi ake.

Ndikubwera ankayenda mwandawala pakhonde, atamanga taye, choko chili m'manja. Atawazindikira anaima pang'ono, kenaka anayang'ana wotchi yake.

"Kalowe m'kalasi, mwanawe," anatero. "Kuno sitichedwa."