Dzina Lachisanu

"Ndi iwe uli pamwambapo, eti?" anafunsa a Jimu, akuloza chikwangwani cha yunivesite chimene chinazikidwa m'mbali mwa msewu pa Ulongwe.

Bernadetta sanadzutse mutu. Ankachidziwa bwino chithunzicho: iye yemwe atavala gauni, mano onse pamtunda, m'munsi mwake mawu akuti ATHU ONSE AMAPEZA NTCHITO. Mumthunzi wa chikwangwani chomwecho ndi mmene ankagulitsiramo tomato.

A Jimu, amene ankaimba kwaya ndi malemu bambo ake, ananjuta pafupi ndi lichero.

"Wapezeka wogula dimba langa la ku Rivirivi lija. Ndati ndisanadinde chala, ndiyambe ndamva kwa mwana wakwathu. Elsie wanga ndimutumize kumeneko?"

Kunsi kwa licherolo kunali fomu yolembetsera ophunzira atsopano. Chaka chachiwiri tsopano, satifiketi ya Bernadetta inali ikadali m'kabati ya kusukuluko. Bwana wa zamalonda anamuuza akumwetulira kuti womaliza aliyense ayambe wabweretsa "makasitomala" asanu asanalandire satifiketi yake. Mayina anayi analipo kale, onse a anthu osawadziwa, ongokumana nawo m'minibasi.

"Amaphunzitsa bwino?"

Bernadetta anakumbukira holo ya anthu mazana atatu, mphunzitsi mmodzi, sipika yakufa. Anayang'ana manja a mkuluyo, ong'ambikang'ambika ndi khasu.

"Iwe sungandinamize iyayi," anatero a Jimu. "Ndinakuimirira pa ubatizo."

Bernadetta anasolola fomu ija n'kuipukuta ndi nsonga ya chitenje. Cholembera chinakana kawiri, kachitatu chinalola.

"Elsie anabadwa chaka chanji, bambo?"