Duwa la Kuseri kwa Shopu

Mayi Telala anali atasokeranso mkono wa malaya mozondoka, koma analibe nazo ntchito. Maso anali pawindo. Kuseri kwa shopu, kutsidya kwa ngalande, pa kadambo kamene anthu amangotayapo mabotolo, panali duwa lawo.

Analipeza mwangozi pokataya phulusa la simbi. Kanthu kochepa, kofiirira, kamlomo kamadonthomadontho ngati kavala kolala ya lesi. Atatumiza chithunzi kwa mwana wa mlongo wawo, mtsikana wogwira ntchito ku ofesi yoteteza zachilengedwe, foni inalira pompo.

"Azakhali, musalikhudze! Limenelo ndi duwa la okidi wam'tchire, ife timayesa mtundu umenewo unatha kalekale. Musauze munthu. Akuba akamva amalikumba n'kukagulitsa, ndipo likachoka m'dothi lakelo silichedwa kufa."

Musauze munthu! Kwa Mayi Telala, amene nkhani siigona m'kamwa, chimenechi chinali chilango. Ankangoseka okhaokha akupalasa makina, mpaka makasitomala anayamba kunong'onezana kuti mwina apeza bambo. Aa, bambo wake uti angafanane ndi duwa limenelo? Ankati kusoka pang'ono, n'kutuluka kukaliona, kuliweramira, kulifunsa kuti ladzuka bwanji.

Ndiye kunatulukira Chipewa. Dzinali anam'patsa okha, poti nkhope yake sinkaoneka: mwamuna wowonda, chipewa mpaka m'maso, chikwama kumsana. M'mawa uliwonse ankaima pangalande ngati akumanga chingwe cha nsapato, maso ali dwii pa duwa. Mayi Telala akangotuluka, iye ankathawira kuseri kwa mtengo n'kumasuzumira, foni ili kukhutu. Akuuza ogula ameneyo, nanga n'kuchita kufunsa?

Mantha analipo, koma kunena zoona Mayi Telala ankamva kukoma. Moyo wawo wonse kusoka mabatani, lero ndi awa akulondera chinthu chosowa padziko! Anakokera makina pawindo penipeni. Chakudya chamasana ankadya ataimirira. Chipewa akasendera, iwo tulukiru, n'kukaima pambali pa duwa manja m'chiuno. Nayenso sankachoka. Ankangotuzulirana maso ngati atambala, wina uku wina uko, mpaka dzuwa kuwatentha onse.

Tsiku lina duwa linali litatulutsa mphukira yachiwiri. Chipewa anayang'ana uku ndi uku, analumpha ngalande, n'kugwada pafupi nalo. Anatsegula chikwama. Anasolola chitsulo chosongoka.

Mayo ine! Mayi Telala anaimbira foni mwana wa mlongo wawo uja.

"Mwanawe, fulumira, akulikumba!"

"Tili kale m'njira, azakhali. Ndili ndi abwana, akuti nawonso wina wawaimbira."

Kudikira kunakanika. Anatsomphola katani ya kasitomala pa tebulo, anatuluka ndi liwiro limene sankadziwa kuti akadali nalo, ngalande ija anailumpha osaiona n'komwe. Katani kumutu kwa Chipewa, phi! Munthu pansi, khu! Anam'kunkhuniza kutali ndi duwa, anam'kulunga ngati mtolo wa zochapa, n'kumukhalira pamsana. Wakubayo ankakuwa m'katanimo, koma chodabwitsa sankayesa kuthawa. Anangotulutsa dzanja n'kuwagwira mwendo zolimba.

Galimoto inaima. Mtsikana uja anatsika pamodzi ndi abwana ake, bambo wamimba wovala yunifomu yobiriwira. Mayi Telala anakonza duku, akupuma mwawefuwefu, mano onse pamtunda.

"Ndam'gwira ndekha, bwana! Duwa ndi ilo, silinathothoke ngakhale tsamba."

Abwana anavundukula katani. M'chikwama munakhuthuka zikhomo zachitsulo ndi waya womangira kampanda. Chipewa anatulutsa mutu, thukuta kamukamu, nkhope ikuwala ndi chimwemwe, mwendo uja osautaya.

"Bwana, ndi amenewa! Mayi amene ndakhala ndikukuuzani pafoni aja, ozemberera duwa langa tsiku ndi tsiku, sizasi ili m'khosi. Lero ndawagwira!"