Mwambo wa Tsache

"Nsalu ya patebulo ya malemu mayi anga, inu n'kusokera mkanjo wa chikondwerero cha zigoba?" Gelsomina anakuwa, tsache lili m'mwamba.

Mwamuna wake Ottavio anathawira pabwalo la tchalitchi, chigoba chamtengo chili kumaso, mabelu akulira m'chiuno. Tsache linamupeza pamsana. Phwa!

Alendo odzaona Italy wakale anasiya kujambula zithunzi za pakhoma n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Ndi mwambo wanji umenewu?" mmodzi anafunsa a Meya.

A Meya, omwe ankadandaula kuti alendo akuthera kumudzi woyandikana nawo, anayamba akhosomola. "Uwu ndiye wa makolo weniweni. Mkazi amapirikitsa nyengo yozizira ndi tsache."

"A Meya, ndikufatu ine!" Ottavio analira.

"Mwamva? Mawu a mwambowo ndi amenewo."

Chaka chotsatira mabasi a alendo anasowa poima. A Meya analengeza kuti Mwambo wa Tsache uzichitika m'mawa ndi masana, sabata yonse.

Ottavio ananong'oneza mkazi wake, "Mayi, muzingoyerekezatu."

"Ayi bambo," anatero Gelsomina, akuyesa kulemera kwa tsache latsopano. "Anthuwa achokera kutali. Tisawanamize."