Mkaka ndi Makaroti

"Sizikusintha, ababa!" mtsikanayo anatero akulira, atatambasula mkono patebulo.

Chibwerereni mayi omupeza ndi ana awo oyera khungu, iye ankangodya makaroti ndi kumwa mkaka basi. Anzake kusukulu anamuuza kuti zimenezi zimayeretsa.

"Mwina ndikudya ochepa. Mawa mugule ambiri."

"Ndigula, mwanangu. Koma idyako kaye mpungawu."

Bambo ake anagwira mkonowo n'kuuyang'anitsitsa, monga ankachitira m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba. Unali wakuda bii, wosalala, ndendende mkono wa malemu mkazi wawo, amene zithunzi zake zonse mkazi watsopanoyu anali atazichotsa pakhoma.

Potuluka kupita kuntchito ananong'ona okhaokha, "Zikomo Ambuye, lero sanasinthe."