Ukulu wa M'magazi

"Siyani nthutumbayo, achimwene. Mkulu pano ndine," anatero Reuben, dzanja lili kale m'mbale.

A Lazarus, amene anamubereka kumsana Reubenyo ali khanda, anabweza dzanja lawo. Mlongo wawo Joyce anaima pakhomo mtima ukuwira. Nkhukuyo anaiphera a Lazarus, mkulu wa mbumba, kuti akamulankhulire kwa abale a malemu mwamuna wake, amene anamulanda munda maliro atangotha.

Zonsezi zinabwera ndi anthu a kafukufuku amene anatenga magazi ku Sinda. Iwo anati chakudya chimasiya zizindikiro m'magazi, ndipo zizindikirozo zimaulula mmene thupi lakalambira. A Lazarus, odya nyemba ndi bonongwe wotendera, thupi lawo linapezeka lanthete. La Reuben, munthu wa masoseji ndi zakumwa za shuga za pa Katete, linapezeka la nkhalamba yeniyeni.

"Adokotala anena okha kuti ndakupitirirani," anatero Reuben akutafuna. "Mwini mbumba ndine tsopano."

"Anakuuza kuti ukuthamangira kumanda, chitsiru iwe," anatero Joyce. "Mvula yayandikira, munda wanga akugaula anthu ena. Achimwene, musiyeni wamisalayu, tiyeni."

A Lazarus anasamba m'manja, n'kukankha mbale ya masamba ndi phazi. Anatulutsa njinga yawo. Joyce anamanga chitenje msangamsanga n'kukwera kumbuyo.

"Tsika, mlongo. Sindingakalankhule pa anthu ndili mwana," anatero a Lazarus. "Mundawo udikire. Ndiyambe ndapita pa Katete kukakalamba."