Dzina la Amake Pagalasi la Kompyuta

"Ezekieli, unalonjeza kudzandifolerera nyumba mvula isanayambe. Sabata yonseyi ndagona m'madzi!" anakalipa Mayi Tryness akulowa mu ofesi ya mwana wawo pa Katete.

"Dikirani kaye, amama, ndikuyesa kompyuta yatsopanoyi. Ndikasintha kachizindikiro aka, iyenera kuchotsa dzina limodzi pamndandanda."

Poyeserapo anali atalemba mayina a abale ake. Mayiwo sukulu anailekera panjira, koma dzina lawo analizindikira pagalasipo.

Ezekieli anadina batani. Dzina la mkazi wake linatsala, la apongozi ake linatsalanso, koma la amake linafufutika.

"Zatheka!" anakuwa uku akuwomba m'manja. "Paja mumati chiyani, amama?"

"Palibe. Makina akowa sanama ayi," anatero mayiwo, n'kutuluka.